Ulendo wokaona nyama ku Madagascar: tipite ndi namulondola kapena tokha?

Nachisale: Moni nonse pagulu pano. Ine ndi bambo akunyumba takhala tikusunga kangachepe kuti chaka chamawa tikapumeko kunja, ndipo mtima wanga uli ku Madagascar. Makampani amene ndawafunsa akunditumizira ulendo wokonzeratu, galimoto, dalaivala, malo ogona ndi namulondola zonse pamodzi, koma mtengo wake ndi wowawa ndithu. Bambo akuti tingokwera ndege, tikafika tizikakwera maminibasi a komweko monga timachitira kuno. Akufunsanso kuti dziko lopanda mkango ndi njovu tikaonako chiyani choposa ku Liwonde kapena ku Majete. Amene munafikako tithandizeni maganizo.

Bambo a Tadala ku Joni: Mayi, pa nkhani ya mkango bambo akunena zoona. Kulibe mkango, njovu, mbidzi, ngakhale anyani ndi apusi athuwa kulibe. Chilumbachi chinapatukana ndi Africa zaka zoposa 150 miliyoni zapitazo, kenako chinasiyana ndi India zaka pafupifupi 88 miliyoni zapitazo, ndiye zamoyo zakumeneko zinakula pazokha. N'chifukwa chake munthu umapitako: zambiri zimene ukaone kulibe kwina kulikonse padziko lapansi. Ma lemur okha alipo mitundu yoposa 100.

Koma kaonedwe ka nyama n'kosiyana ndi kwathu. Ku Liwonde umakhala m'galimoto kapena m'boti, njovu imadzionetsa yokha. Ku Madagascar umayenda wapansi m'nkhalango yowirira, kukwera ndi kutsika zitunda zoterera, ndipo nyama imene ukufuna ili pamwamba pa mtengo kapena yadzimata pakhungwa. Popanda namulondola mudzaona masamba okhaokha. Ku paki ya Andasibe namulondola wathu anaima n'kutiuza kuti tiyang'ane pa thunthu limene linali pafupi kwambiri moti ndikanatha kulikhudza. Tonse tinayang'ana, osaona kanthu. Mpaka analoza ndi kamtengo m'pamene tinazindikira kuti ndi nalimata wa mchira wonga tsamba, atagona chafufumimba, khungu lake lofanana ndendende ndi ndere za pamtengopo.

Angoni a ku Ntcheu: Lemur ameneyu ndi pusi kapena chiyani? Pazithunzi ndimaona nkhope ngati ya galu.

Namulondola wa ku Liwonde: Angoni, si pusi ayi. Wachibale wake wapafupi kuno kwathu ndi changa, uja amalira usiku m'mitengo, maso akuluakulu. Mayi Nachisale, funso lanu lili pawiri ndipo ndi bwino kulilekanitsa. Namulondola wa pa paki simungamuthawe: m'malo onse oyang'aniridwa ndi Madagascar National Parks saloleza mlendo kulowa yekha, mumalipira pakhomo kenako mumatenga namulondola wa m'deralo. Chimene mungasankhe ndi kayendedwe ka pakati pa paki ina ndi ina, kaya ndi kampani, kaya ndi dalaivala wanuwanu, kaya ndi maminibasi.

Bambo a Tadala ku Joni: Eya, mwalongosola bwino achimwene. Maminibasi awo amawatcha taxi-brousse, sanyamuka mpaka atadzaza, ndipo misewu yambiri ndi yokumbikakumbika. Dzikoli ndi lalikulu pafupifupi kasanu kuposa Malawi. Munthu amene ali ndi miyezi iwiri angathe kuyenda motero, koma wa tchuthi chakuntchito adzathera nthawi padepoti. Chinanso ndi chiyankhulo. Anthu amayankhula Chimalagasi ndi Chifalansa, Chingerezi mudzachipeza kwa anamulondola ndi m'mahotela ena, osati kwa kondakitala.

Koma chachikulu ndi ichi: nyama zakumeneko zili ndi nthawi yake. Indri, lemur wamkulu kuposa onse, amaimba m'mawa. Mukafika ku Andasibe masana chifukwa minibasi inachedwa, tsiku limenelo lapita. Ife tinalowa m'nkhalango ya Analamazaotra kukadali chifunga. Anyamata ofufuza nyama anali atalowa kale mbandakucha, ndipo ankaimbirana foni ndi namulondola wathu kumuuza kumene banja la indri lagona. Titafika pansi pa mtengo tinadikira, makosi ali m'mwamba. Kenako mmodzi anatsegula pakamwa. Mayi, kulira kumene kuja kumalowa m'mafupa. Kumayamba ngati kubangula, kenako kumakwera n'kumatsika motalika, wamkazi ndi wamwamuna akulandizana, ndipo banja lina kutsidya kwa chigwa limayankha. Kumamveka pa mtunda wa makilomita awiri kapena kuposa. Mayi wina wachikulire amene tinali naye pagulu anangoyamba kugwetsa misozi. Indri sakhala moyo mu khola, palibe malo osungira nyama padziko lonse amene ali naye. Ukafuna kumumva uyenera kupita komweko, makilomita pafupifupi 140 kum'mawa kwa Antananarivo, likulu la dzikolo.

Nachisale: Bambo a Tadala, ndawawerengera bambo akunyumba zimenezi ndipo angoti zii. Ndiye kuti kampani ija tingoilipira basi?

Mkulu wa ku Chipata: Dikirani kaye amayi. Ine ndili ndi dandaulo ndi maulendo okonzeratuwa. Kampani ili ku Paris kapena ku London, mlendo amalipira kumeneko, hotela ndi ya munthu wakunja, ndipo mnyamata amene wadzuka 4 koloko kukasaka lemur m'matope amalandira zotsala. Kenako timauzidwa kuti kukopa alendo kukuteteza nkhalango. Nkhalango yake iti? Werengani za Menabe, kumadzulo kuja. Anthu othawa chilala kum'mwera akugwetsa ndi kutentha nkhalango youma kuti adzale chimanga ndi mtedza, ndipo alendo akudutsa pomwepo ndi makamera. Mu 2020 bungwe loona za chilengedwe padziko lonse la IUCN linanena kuti 98 peresenti ya mitundu ya lemur ili pachiopsezo chotha. Alendo akhala akubwera zaka zonsezi.

Namulondola wa ku Liwonde: Akulu, zimene mukunenazi n'zoona ndipo ifenso pantchito yathu zimatipweteka. Koma yankho lake si kuyenda opanda namulondola, ndi kusankha kumene ndalama yanu ikugwera. Pali malo amene eni mudzi amayendetsa okha. Chitsanzo ndi Anja, pafupi ndi tauni ya Ambalavao pamsewu waukulu wopita kum'mwera wotchedwa RN7. Ndi kankhalango ka mahekitala pafupifupi 30 patsinde pa mapiri amiyala. Anthu a m'mudzimo anakatsegula mu 2001 ataona kuti mitengo ikutha, anamulondola onse ndi ana a pamudzipo, ndipo ndalama za pakhomo zimathandiza ntchito za m'mudzi. Lero kuli ma lemur a mchira wamizeremizere mazanamazana, ndipo bungwe lawo linalandira mphoto ya Equator Prize mu 2012. Ku Andasibe kulinso bungwe la Mitsinjo, la anthu a komweko, limene limayang'anira nkhalango, kudzala mitengo ndi kuyendetsa alendo usiku. Munthu amene ana ake akudya chifukwa cha indri sangalole mnzake kuotcha makala pamtengo umene indri amagona.

Mkulu wa ku Chipata: Mahekitala 30 pa dziko lonse lija ndi kadontho. Sindikukana kuti Anja ndi yabwino. Ndikukana zoti mlendo azidziona ngati mpulumutsi chifukwa wagula tikiti.

Bambo a Tadala ku Joni: Apo sinditsutsa akulu. Alendo okha sangathetse njala ya kum'mwera kapena kudula mitengo ya rosewood kumene kunakula kwambiri m'mapaki a Masoala ndi Marojejy pambuyo pa chipwirikiti cha ndale cha 2009. Koma Mayi Nachisale akupita ndithu, ndiye funso ndi lakuti apite bwanji. Malangizo anga ndi awa: pezani kampani ya Amalagasi eni ake ku Antananarivo, mubwereke galimoto ndi dalaivala wake, chifukwa kumeneko magalimoto obwereka ambiri amabwera ndi dalaivala kale. Anamulondola muzikawalipira nokha pakhomo la paki iliyonse. Mukatero mtengo umatsika ndipo mukudziwa amene walandira. Muwauze akulembereni zonse: mafuta ali momwemo kapena ayi, dalaivala azigona ndi kudya pa ndalama ya ndani, zolipira pakhomo zili kwa ndani. Ndipo musaiwale anyamata ofufuza nyama aja. Namulondola ndi amene amayankhula nanu, koma amene wathamanga m'zitsamba ndi iwowo. Apatseni yawo m'manja mwawo.

Nasibeko: Ine chimene ndimasirira ndi zithunzi zija lemur atakhala paphewa pa munthu akudya nthochi. Zimenezo zimachitikira kuti?

Namulondola wa ku Liwonde: Achemwali, chonde zimenezo zisiyeni. Zimachitika m'malo ena a anthu amene amaweta ma lemur pa tizilumba ting'onoting'ono kuti alendo azijambulitsa. Nyama yozolowera kudyetsedwa imasiya kudzifunira chakudya, imatha kutenga matenda kwa anthu, ndipo zithunzizo zikafala pa Facebook anthu ena amafuna kukhala ndi lemur pakhomo. Kuweta lemur n'koletsedwa ndi malamulo a dzikolo koma ambiri akugwidwabe m'nkhalango. Namulondola wabwino mumamudziwira pamenepa: sagwedeza mtengo kuti nyama idzuke, saitana ndi nthochi, sachotsa bilimankhwe panthambi kuti mumugwire. Mukaona akuchita zimenezo muuzeni mwaulemu kuti simukufuna.

Nasibeko: Sindinkaziganizira choncho. Zikomo achimwene.

Nachisale: Mwatchula bilimankhwe, thupi langa lachita tsemwe. Chiyambire ubwana sindimuyandikira. Ndiye akuti kumeneko ndi ambiri?

Bambo a Tadala ku Joni: Ambiri zedi mayi, pafupifupi theka la mitundu yonse ya padziko lapansi. Alipo a Parson, aakulu ngati mkono wa munthu, ndipo alipo a Brookesia amene amakwana pansonga ya chala, okhala m'masamba ouma pansi. Wina wotchedwa Brookesia nana anafotokozedwa ndi akatswiri mu 2021 ndipo ali m'gulu la zokwawa zazing'ono kwambiri zodziwika. Salumanso munthu mwachisawawa, ndipo simukakamizidwa kuwagwira. Amaoneka bwino usiku chifukwa akagona amayera, tochi ikawaunika amaonekera patali. Maulendo ausiku sachitika m'kati mwa paki za boma, mumayenda m'mbali mwa msewu kapena m'nkhalango za mabungwe a m'mudzi. Usiku womwewo mumaonanso ma lemur aang'ono ngati mbewa, maso akunyezimira m'nthambi.

Amalagasi nawonso ali ndi zoopa zawo. Ali ndi miyambo ya zoletsedwa imene amaitcha fady, ndipo imasiyana mudzi ndi mudzi. Kwina saloza manda ndi chala chotambasula, kwina sadya nyama yakutiyakuti. Kwa anthu ambiri a mtundu wa Abetsimisaraka kupha indri n'koletsedwa chifukwa amamuona ngati kholo, ndipo zimenezi zamuteteza kwa nthawi yaitali. Koma aye-aye, lemur wausiku wa chala chapakati chachitali chowonda chimene amagogodera mitengo posaka mphutsi, m'madera ena amaphedwa akangooneka chifukwa amati amabweretsa imfa. Zoterezi sizilembedwa pachikwangwani. Ku paki ya Isalo kuli manda a anthu a mtundu wa Abara m'mapanga a m'matanthwe, ndipo ndi namulondola amene amakuuzani poyenera kudutsa ndi posayenera kujambula.

Anamwino ku Leeds: Ndilowererepo pa zaumoyo. Malungo aliko, makamaka m'mbali mwa nyanja, ndiye musanene kuti ndife a ku Malawi tinazolowera. Kaonaneni ndi dokotala musananyamuke, gonani m'neti, ndipo tengani kakhadi kachikasu ka katemera ngati mukudzera ku Nairobi kapena Addis Ababa. Madzi imwani a m'botolo kapena owiritsa. Ku paki ya Ranomafana kuli misundu yambiri mvula ikagwa, valani masokosi aatali n'kulowetsamo thalauza. Siyoopsa, imangoyamwa n'kugwa, koma bala lake limachedwa kuuma magazi. Njoka zakumeneko zilibe ululu wopha munthu, zimenezo zikukhazikeni mtima pansi.

Chinthu china chimene chimandikhudza ine monga namwino: kaduwa kofiirira kaja kamene kamamera m'mabwalo mwathu popanda wokathirira, azungu amati periwinkle, kwawo ndi ku Madagascar. M'menemo ndi mmene munachokera mankhwala a vincristine ndi vinblastine amene timaperekera ana odwala khansa ya m'magazi. Ndikamamva za nkhalango ikupsa kumeneko ndimaganiza za zomera zina zimene palibe anaziyeza.

Nachisale: Zikomo anamwino. Tsopano njira. Kampani ina yatipatsa ya kum'mwera, ina ya kumadzulo kokaona milambe. Zonse sitingakwanitse.

Bambo a Tadala ku Joni: Kwa ulendo woyamba ine ndinganene Andasibe kenako RN7. Msewu umenewu ndi wa makilomita oposa 900 kuchoka ku Antananarivo kukafika ku Toliara, ndipo dziko limasintha pamaso panu. Mumayamba ndi minda ya mpunga yam'masitepe ndi nyumba zazitali zanjerwa zofiira, Antsirabe ndi ngolo zake zokokedwa ndi anthu, Ambositra kwa amisiri osema. Kenako mumapatuka kutsikira ku Ranomafana. Pakiyi inakhazikitsidwa mu 1991 pambuyo poti katswiri wa zanyama Patricia Wright ndi anzake apeza lemur wagolide wodya nsungwi mu 1986. Kanyama kameneka kamadya mphukira za nsungwi zokhala ndi poizoni wa cyanide wochuluka moti akanapha nyama ina ya msinkhu wake, koma iko kali bwinobwino. Pafupi pomwepo pali malo ofufuzira a Centre ValBio, ndipo anamulondola ambiri a kumeneko anaphunzira ntchito pothandiza ofufuza, moti amatchula dzina la chule aliyense. Ranomafana ndi yotopetsa, zitunda zake si zamasewera, koma ndi kumene ndinaona kuti anthuwa nkhalango amaidziwa ngati munda wawo.

Mukapitirira Fianarantsoa mumafika ku Ambalavao ndi Anja, kenako udzu wokhawokha mpaka ku matanthwe a Isalo, kudutsa Ilakaka kumene miyala ya safaya inapezeka mu 1998, mpaka nkhalango yaminga ya ku Ifaty m'mbali mwa nyanja.

Angoni a ku Ntcheu: Koma milambe bwanji? Tikaonerenji mlambe kunja pamene ku Mangochi ndi ku Salima yadzaza?

Namulondola wa ku Liwonde: Angoni, wathu uja ndi mtundu umodzi. Padziko lonse ilipo mitundu 8 ndipo 6 imapezeka ku Madagascar kokha. Kafukufuku amene anatuluka mu 2024 anasonyeza kuti milambe yonse inayambira kumeneko, wathuyu ndi wa ku Australia anachita kuwoloka nyanja. Ya pafupi ndi Morondava ija ndi ya mtundu wa Grandidier, yowongoka, yosalala, nthambi kunsonga kokha, kutalika mpaka mamita 30. Koma dziwani kuti imaoneka yokhayokha chonchija chifukwa nkhalango imene inaizungulira inadulidwa kalekale n'kusanduka minda.

Ine monga wantchito imeneyi kumadzulo kumandikoka chifukwa cha nkhalango ya Kirindy. Kumeneko ndi kumene mungaone fossa, chilombo chachikulu kuposa zonse zodya nyama pachilumbachi, chooneka ngati mphaka wamkulu koma chachibale ndi msulu, chimene chimathamangitsa ma lemur m'mitengo momwemo. Chimaoneka kwambiri mu Okutobala ndi Novembala, nyengo yokwerana. M'dera lomwelo muli lemur wa Madame Berthe, wolemera magalamu 30 okha, wamng'ono kuposa onse a m'banja la anyani, amene anapatsidwa dzina la katswiri wa Chimalagasi Berthe Rakotosamimanana. Ndipo ndi nkhalango yomweyo imene akulu a ku Chipata amanena kuti ikupsa.

Bambo a Tadala ku Joni: Kungoti kumadzulo kumadya nthawi ndi ndalama. Mukafuna kukafika ku Tsingy de Bemaraha, kumiyala yosongoka ija imene UNESCO inaiika pamndandanda wake wa malo ofunika kutetezedwa padziko lonse mu 1990, ndi tsiku lathunthu pamsewu wafumbi kuchoka ku Morondava, kuwoloka mitsinje ya Tsiribihina ndi Manambolo pa pantoni. Nyengo ya mvula sikupitika n'komwe. Kumeneko ndiye musayerekeze kupita popanda dalaivala wodziwa njira.

Mlamu wa ku Tete: Pa nkhani ya mvulayo, samalani miyezi. Namondwe amene amatipeza ife kawirikawiri amayamba wadutsa kwa iwo. Freddy anagwera pafupi ndi Mananjary, kugombe la kum'mawa kwa chilumbachi, pa 21 Febuluwale 2023 asanabwere kuno ku Mozambique ndi kwanu ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe. Chaka cha 2022 Batsirai anagweranso dera lomwelo, ndipo msewu wa ku Ranomafana ndi womwewo wotsikira ku Mananjary. Januwale mpaka Malichi musapite.

Namulondola wa ku Liwonde: Zoona alamu. Komanso Juni ndi Julayi kumapiri kumazizira kwambiri, zokwawa zimabisala, ndipo ma lemur ena aang'ono amagona tulo ta miyezi ingapo m'mphako akudya mafuta amene anasunga kumchira. Seputembala mpaka Novembala ndiye nthawi yabwino: kwayamba kufunda, ma lemur a ku Anja ali ndi ana kumsana, mbalame zikuswa. Wofuna anamgumi ku chilumba cha Sainte-Marie ndiye apite pakati pa Julayi ndi Seputembala, koma umenewo ndi ulendo wina.

Nachisale: Bambo akunyumba tsopano akufunsa za chakudya. Akuti nsima ikapezeka?

Bambo a Tadala ku Joni: Auzeni akonzekere mpunga m'mawa, masana ndi madzulo. Koma ndiwo sadzadandaula. Ravitoto ndi chigwada chenicheni, masamba a chinangwa osinja ophikidwa ndi nyama ya nkhumba. Romazava ndi msuzi wa nyama ya ng'ombe zamalinunda ndi masamba. Pomaliza amakupatsani madzi owiritsidwa mumphika wa mpunga wopserera, amawatcha ranon'ampango. Muuzeni dalaivala kuti mukufuna kudya m'malo amene iye amadya, timalesitilanti ta m'mbali mwa msewu totchedwa hotely. N'zotchipa ndipo ndalama imatsala m'mudzi. Tengani ndalama zogwirika zokwanira mukamachoka m'tauni yaikulu, chifukwa kumapaki makhadi sagwira kawirikawiri, ndipo pepala lalikulu la ariary, ndalama yakumeneko, ndi la 20,000 basi, choncho chikwama chimatupa.

Mkulu wa ku Chipata: Ngati mukupita motero, kampani ya komweko, Anja ndi Mitsinjo zili pandandanda, ndiye dandaulo langa lachepa. Ndingowonjezera kuti mukafunse namulondola aliyense kuti mudzi wake umapindula chiyani ndi pakiyo. Mudzamva zambiri zimene kampani singakuuzeni, kuphatikizapo za mabanja amene anataya minda pamene malire a paki ankaikidwa.

Nachisale: Ndamva akulu, ndikafunsa. Tagwirizana ndi bambo kuti tipite mu Okutobala, tiyambe ndi Andasibe kenako RN7 mpaka ku Ifaty, galimoto ndi dalaivala kuchokera ku kampani ya ku Antananarivo, anamulondola tizikalipira tokha. Kirindy idikire ulendo wina. Funso lomaliza: pobwerera kuchoka ku Toliara tibwerere pamsewu womwewo kapena tikwere ndege?

Bambo a Tadala ku Joni: Ngati thumba likulola kwerani ndege, pamsewu ndi masiku awiri kapena atatu obwereza zimene mwaona kale. Koma musaike ndege ya m'dzikomo tsiku limodzi ndi yobwerera kumudzi, siyani usiku umodzi ku Antananarivo kuti nthawi ikasintha musataye tikiti yaikulu. Ndipo mufunse kampaniyo mtengo wobweza galimoto yopanda anthu kuchoka ku Toliara, chifukwa mafuta ndi masiku a dalaivala pobwerera amawerengera inuyo. Zimenezo zilembedwe musanatumize ndalama yoyamba.